Chenjezo la chitseko cha kumbuyo likakana kuzima pa SUV: mmene mungapezere pamene pali vuto

Pa dashibodi ya magalimoto monga Toyota RAV4, Nissan X-Trail, Honda CR-V, Mitsubishi Pajero ndi Land Cruiser Prado pamakhala kanyali kapena kachithunzi ka galimoto yotsegula chitseko, ndipo kamayenera kuzima zitseko zonse zikangotsekeka bwino. Nthawi zina kanyalika kamapitiriza kuyaka ngakhale chitseko cha kumbuyo, cha ku buti, chili chotseka ndithu, kapena kamayaka n'kumazima kokha mukamadutsa pa mahampu ndi m'misewu yokumbika. Anthu ambiri amayamba ndi kumenyetsa chitsekocho mwamphamvu, ndipo zikakanika amathamangira kukagula loko wina. Kumenyetsako kumawononga loko ndi mahinjesi, ndipo kugula loko musanayeze chilichonse n'kungolota, chifukwa vuto likhoza kukhala pa waya umene uli kutali ndi lokoyo. Kanyali ka pa dashibodi sikaona chitseko ayi, kamangobwereza zimene swichi yaing'ono yauza kompyuta ya galimoto kudzera mu waya. Choncho malo amene angalakwe ndi anayi okha, chitseko chenichenicho, swichi, waya ndi kompyuta, ndipo ntchito yanu ndi kuwasiyanitsa, kuyambira ndi chimene sichifuna ndalama.

Chenjezoli si lofunika kulilekerera. Magalimoto ambiri amakana kukhoma ndi rimoti akamaganiza kuti chitseko china chili chotsegula, ndipo alamu ikhoza kumalira yokha usiku. Pa magalimoto ambiri a Toyota, liwiro likangofika makilomita 5 pa ola, kabelu kamayamba kulira. Palinso nkhani ya batire: babu la 5 watts la m'buti limakoka pafupifupi 0.4 amps, ndipo likayaka masiku awiri osazima limadya pafupifupi 20 Ah, kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a batire la 55 Ah. Magalimoto ena amazimitsa okha nyali zam'kati pakapita nthawi, koma akale ambiri satero. Choopsa kuposa zonsezi n'chakuti chenjezolo likhoza kukhala loona, ndipo chitseko cha kumbuyo chikakhala ndi kampata galimoto ikuyenda, utsi wa ekizozi umakokedwera m'kati, ndipo mu utsimo muli mpweya wa carbon monoxide umene sununkha koma umagonetsa ndi kupha.

Tsimikizani kaye kuti ndi chitseko cha kumbuyo

Magalimoto akale ambiri ali ndi kanyali kamodzi ka zitseko zonse, moti munthu akhoza kutha tsiku lonse akuphwasula chitseko cha kumbuyo chikhalirecho swichi yofa ili pa chitseko cha mwana wokhala kumbuyo kwa dalaivala. Magalimoto atsopano amasonyeza pa chithunzi chitseko chimene akuchiganizira, ndipo ngati galimoto yanu inachokera ku Japan n'kumalemba uthenga wake m'Chijapani, yang'anani chithunzicho, mawuwo asakusokonezeni. Ngati kanyali n'kamodzi, tsegulani chitseko chimodzichimodzi cha m'mbali, zina zonse zili zotseka, n'kudina ndi chala kabatani kokutidwa ndi labala kamene kali pa chimango chake. Kabatani kabwino kamalowa ndi kutuluka mosavuta, pamene kong'ambika labala, kogwedera kapena kochita dzimbiri kamadziulula kokha. Nyali ya m'buti nayo imathandiza, chifukwa pa magalimoto ambiri imamvera chitseko cha kumbuyo chokha. Pindani mpando wakumbuyo, tsekani zitseko zonse muli m'katimo, ndipo ngati nyali ya m'buti ikuyakabe, mwadziwa mbali yoyenera kufufuza.

Musaiwale galasi. CR-V ya pakati pa 1995 ndi 2006 ndiponso Prado zina zili ndi galasi la kumbuyo lotseguka palokha, lokhala ndi loko wake ndi swichi yake, koma chenjezo lake limatulukira pa kanyali komweko. Likankheni galasilo ndi chikhatho pafupi ndi loko wake, wina akuyang'ana pa dashibodi.

Chitseko chenichenicho

Loko wa chitseko cha galimoto amagwira kawiri. Dzino lake likangokumana ndi kachitsulo kopindika ka pa bodi, kamene amakaniko amakatchula kuti striker, limagwira koyamba mongokola, ndipo chitseko chikakankhidwabe limagwira kachiwiri, komwe ndiye kutseka kwenikweni. Chitseko chogwira koyamba kokha chimaoneka chotseka mukaima patali, ndipo sichitseguka mukachikoka, koma chimagwedera pang'ono ndipo swichi imanenabe kuti n'chotsegula. Gwirani m'munsi mwa chitseko, muchikoke ndi kuchikankha. Ngati chikugwedera kapena kugogoda, chenjezo silikunama.

Zoletsa chitseko kufika pa kugwira kwachiwiri nthawi zambiri zimakhala zazing'ono: nsonga ya kapeti, chingwe cha thumba la chimanga, labala wa m'mphepete amene wachoka pamalo pake, kapena timiyala ndi njere zogwera mozungulira striker. Magalimoto ambiri alinso ndi timapilo ta labala m'ngodya za chitseko, ndipo tina timazungulira ngati bawuti, moti tikatuluka kwambiri timakankha chitseko chisanafike. Panirani pepala pakati pa chitseko ndi labala m'malo osiyanasiyana n'kulikoka. Pamene likutuluka mosavuta pali mpata, ndipo mzere wa fumbi lofiira m'kati mwa buti umaloza malo omwewo.

Magalimoto amene chitseko chake chimatsegukira m'mbali ndipo chanyamula tayala la sipeya, monga Pajero, Prado ndi RAV4 zambiri za chaka cha 2013 chisanafike, ali ndi vuto lawolawo. Kulemera kwa tayalalo, pamodzi ndi kugwedezeka kwa m'misewu yafumbi, kumadya mahinjesi pang'onopang'ono mpaka chitseko chimatsika, ndipo loko amayamba kukumana ndi striker cham'munsi. Tsegulani chitseko pang'ono, muchinyamule kumapeto kwake ndi manja awiri, mumve ngati chikukwera ndi kutsika. Yang'ananinso pa striker: pamene pakunyezimira chifukwa chokhulana ndi pamene loko akugunda molakwika. Ngati mahinjesi atha, kusuntha striker kumangobisa vuto kwa miyezi yochepa.

Kuyesa ndi sikuludiraiva

Kuyesa kumene kumagawa vutoli pawiri sikufuna chipangizo china kupatula sikuludiraiva. Pa ma SUV ambiri a masiku ano swichi ya chitseko cha kumbuyo siioneka kunja, imakhala m'kati mwa loko, ndipo imadinidwa ndi dzino la lokoyo likamazungulira. Mukhoza kunamiza loko kuti chitseko chatsekeka. Tsegulani chitseko, ndipo ngati n'chokwera m'mwamba chichirikizeni ndi mtengo wolimba, chifukwa mashoko ochirikiza chitsekocho akafooka amagwetsera chitseko pamutu pa munthu. Ngati n'chotseguka ndi magetsi, zimitsani kaye swichi yake ya pafupi ndi dalaivala, ndipo zala zanu zisalowe m'kamwa mwa loko, pakuti mota yake imakoka yokha ikangomva kugwira koyamba. Tsegulani kiyi kuti dashibodi iyake popanda kuliza injini. Kenako lowetsani thunthu la sikuludiraiva m'kamwa mwa loko, momwe mumalowa striker, n'kukankha dzinolo mpaka mumve kulira kawiri.

Tsopano yang'anani pa dashibodi. Ngati chenjezo lazima, swichi, waya ndi kompyuta zikugwira ntchito, ndipo vuto ndi lakuti chitseko sichikufikitsa loko pa kugwira kwachiwiri, kapena mawaya amapanikizika pokhapokha chitseko chikatsekedwa. Ngati silinazime, chitseko chilibe mlandu, fufuzani swichi ndi waya. Ngati likuthwanima mukamagwedeza dzinolo ndi sikuludiraiva, swichi yatopa kapena yadzaza fumbi. Ngati dzinolo likulimba, likukana kufika kachiwiri, kapena silikubwerera msanga, loko wauma.

Mukamaliza, tsegulani lokoyo ndi chogwirira chake kapena batani lake kuti dzino libwerere pamalo pake musanatseke chitseko. Ambiri amaiwala zimenezi, n'kumenyetsa loko wotseka kale pa striker, ndipo pamenepo amathyola chinthu chimene chinali chabwinobwino.

Loko wouma amafunika kutsukidwa asanapakidwe chilichonse. Chimene mumachipeza m'kamwa mwake ndi phala lolimba la girizi wakale ndi fumbi, ndipo phala limeneli ndi limene limagwira kamkono ka swichi kuti kasabwerere. Poperani mankhwala otsukira zamagetsi otchedwa contact cleaner, muzungulize dzinolo kambirimbiri ndi sikuludiraiva, mupukute zakuda zimene zikutuluka, n'kubwereza mpaka zitayera. WD-40 imathandiza kusungunula phalalo koma sikhalitsa, choncho pomaliza pakani girizi woyera pang'ono chabe pa dzino ndi pa striker, kapena mafuta a silicone opopera, amene sakola fumbi kwambiri. Oilo wakuda wochotsedwa mu injini, amene ena amakonda kuthira paliponse pamene pakulira, ndi amene amabweretsa phala lomwelo mwamsanga. Mankhwala otsukira mabuleki nawonso apeweni, chifukwa ena amawononga pulasitiki ya m'kati mwa loko.

Ngati kuyesa kwasonyeza kuti chitseko sichikufika, sunthani striker. Jambulani kaye mzere mozungulira tsinde lake ndi cholembera kuti mudziwe pamene anali, masulani mabawuti ake awiri pang'ono chabe osawachotsa, mumusunthe milimita imodzi kapena awiri, mumange, n'kuyesa. Kumusunthira kunja kumachititsa kuti loko agwire kachiwiri mosavuta, koma mukapitirira chitseko chimagwedera n'kumalowetsa fumbi, ndipo kumusunthira m'kati kwambiri kumafuna kumenyetsa. Mabawuti amenewa amakhala olimba kwambiri ndipo ena ndi a mutu wa nyenyezi, choncho chida chosayenera chimangodya mutuwo.

Swichi kapena waya

Chenjezo likakanabe, chotsani chikuto cha pulasitiki cha m'kati mwa chitseko. Yambani ndi masikulu obisika m'chogwirira, kenako kokani chikutocho pafupi ndi kilipi iliyonse, chifukwa pulasitiki yokhalitsa padzuwa imathyoka msanga. Mupeza pulagi imene yalowa mu loko. Iyang'aneni musanaichotse ngati yakhala bwino, ndipo mukaichotsa onani mapini ake. Ufa wobiriwira kapena woyera ndi chizindikiro cha madzi, ndipo madziwo kawirikawiri amalowera pa nyali ya mabuleki ya pamwamba, pa tsinde la waipa kapena pa nyali za nambala puleti. Kutsuka mapini osatseka polowera madzi n'kugwira ntchito yoti mudzaibwereze dzinja likubwerali.

Pulagi ili yochotsa, yang'ananinso pa dashibodi, ndipo apa pakufunika kusamala, chifukwa opanga magalimoto salumikiza mofanana. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, chitseko chikatseguka swichi imalumikiza waya wa chenjezo ku earth, kutanthauza chitsulo cha bodi, ndipo chikatsekeka imadula. Pa galimoto yotere, kuchotsa pulagi kuli ngati kutseka chitseko. Chenjezo likazima, swichi ndiyo yamatirira, ndipo likapanda kuzima, waya wasupuka penapake ndipo ukukhudza bodi kapena waya unzake wa earth. Opanga ena amachita mosemphana: swichi imalumikiza chitseko chikatsekeka, moti waya wongoduka ndi wokwanira kuyatsa chenjezo, ndipo kuchotsa pulagi sikulizimitsa ngakhale zonse zili bwino. Pa galimoto yotero amagetsi amalumikiza mapini awiri a swichi ndi kawaya kuti aone ngati chenjezo lizima. Musachite zimenezi mongoganizira, chifukwa m'pulagi yomweyo mumadutsanso mawaya a mota ya loko, ndipo kulumikiza olakwika kumapsereza fyuzi, mwinanso kompyuta.

Multimeter, chipangizo choyezera magetsi, imathetsa kukayika kumeneku. Iikeni pa kuyeza ngati waya walumikizana, pamene imalira nsonga zake zikakhudzana, ndipo yezani mbali ya loko, pulagi ili yochotsa. Yesani mapini awiriawiri mukuzunguliza dzino ndi sikuludiraiva, mpaka mupeze awiri amene akusintha. Swichi yabwino imasonyeza pansi pa 1 ohm ikalumikiza ndipo imadula kotheratu dzino likapita mbali inayo, nthawi iliyonse, mosaphonya. Kuyeza kumeneku kumakuuzaninso mtundu wa kalumikizidwe ka galimoto yanu. Manambala odumphadumpha, kapena swichi yogwira kasanu n'kuphonya kachisanu ndi chimodzi, ndi swichi yakufa, ngakhale itaoneka kuti yachira mutaipopera. Loko wina amakhala ndi maswichi awiri kapena atatu, makamaka wa chitseko chamagetsi, choncho musadabwe kupeza mapini ambiri akusintha pa malo osiyana a dzinolo. Kenako yezani mbali ya galimoto: pini ya earth iyenera kulumikizana bwino ndi chitsulo cha bodi, ndipo pa pini ya chenjezo payenera kupezeka magetsi ochokera ku kompyuta. Kuchuluka kwake kumasiyana malinga ndi galimoto, koma pakakhala ziro, waya waduka kapena washota.

Malo oyamba kuwaganizira ndi payipi ya labala yamakwinya imene ili pafupi ndi mahinjesi, momwe mumadutsa mawaya onse ochoka m'bodi kupita m'chitseko. Mawaya amenewa amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa, ndipo pakapita zaka amathyoka mofanana ndi mmene ana amathyolera waya popanga magalimoto oseweretsa, pompindapinda pamalo amodzi. Chizindikiro chake n'chakuti vuto silibwera lokha: waipa ya kumbuyo imagwira mwa apo ndi apo, nyali za nambala puleti zimazima, zosungunula nthunzi pa galasi zimasiya, kamera yobwerera m'mbuyo imathwanima. Zulani labalayo mbali zonse ziwiri, mumukwinyire mbali imodzi, n'kuyang'ana waya uliwonse ndi tochi. Wina amaoneka msanga, chikopa chosweka ndi mkuwa uli pamtunda. Wina amakhala woduka m'kati chikopa chili chabwino, ndipo mumamuzindikira pomukoka pang'ono, chifukwa amatanuka. Gwedezani mtolo wonse wina akuyang'ana pa dashibodi, ndipo kanyali kakathwanima, mwafika.

Pokonza, chotsani kaye waya wa negative pa batire. Musangopota nsonga ziwirizo n'kukulunga tepi pamalo pomwepo, chifukwa cholumikizira chimakhala cholimba, ndipo waya amadzathyokanso m'mphepete mwake. Dulani chigawo chonse chimene chimapindika, muikepo waya watsopano wofewa wa kukula komweko, kuti zolumikizira ziwirizo zikhale kunja kwa payipi ya labala, china m'denga kapena m'bodi, china m'chitseko. Wotcherani ndi mtovu n'kuveka kapayipi ka pulasitiki kofinyika ndi kutentha kotchedwa heat shrink, ndipo mawaya ena amene ayamba kusweka chikopa akonzereni limodzi, poti mwatsegula kale. Labalayo abwerere bwino m'mabowo ake, apo ayi mvula ilowera pomwepo.

Kumbukiraninso zinthu zimene zinaikidwa galimoto itafika kale: alamu, kamera, tracker kapena nyali zowonjezera. Oika alamu amakonda kulumikiza pa waya wa chenjezo la zitseko, ndipo cholumikizira chokulungidwa tepi imene yamatuka ndi kutentha chikhoza kukhudza bodi. Ngati vuto linayamba patangopita masiku ochepa chiikireni chinthu chotere, yambirani pamenepo.

Kompyuta yoyang'anira zitseko ndi nyali, imene amagetsi amaitchula kuti BCM, siiwonongeka kawirikawiri, pokhapokha ngati inalowa madzi kapena wina anashotetsa, choncho munthu akakuuzani kuti muisinthe asanayeze swichi ndi waya, funsani kwina. Makina oyezera galimoto amene amawerenga BCM amasonyeza chimene kompyuta ikumva pa chitseko chilichonse pamene mukutsegula ndi kutseka, koma timakina totchipa towerenga injini yokha sitifika kumeneko. Pa zitseko zamagetsi, batire likachotsedwa kapena kutha, kompyuta ikhoza kuiwala malo a chitseko, ndipo pa Toyota zambiri mankhwala ake ndi kutseka chitsekocho ndi manja mpaka chigwire kotheratu.

Swichi ikapezeka kuti yafa, nthawi zambiri mumagula loko yense, chifukwa siigulitsidwa payokha. Tengani loko wakaleyo ndi nambala ya chasisi popita kogula, pakuti magalimoto a dzina limodzi ndi chaka chimodzi akhoza kusiyana pulagi malinga ndi msika umene anapangidwira ndiponso ngati chitseko n'chamagetsi kapena ayi. Loko wogwiritsidwapo kale ntchito, wonga amene amapezeka ku Ndirande kapena ku Malangalanga, si woipa, malinga mutenge multimeter n'kumuyeza pomwepo monga tafotokozera, musanapereke ndalama. Pomuika, lumikizani pulagi ndi kumuyesa ndi sikuludiraiva chitseko chili chotsegula, mutsimikize kuti akutseguka ndi batani, kenako ndiye mutseke chitseko, chikuto cha pulasitiki chisanabwerere, kuti akakana kutseguka muthe kumufikira muli m'kati.

Ngati sipeya ichedwa, tetezani batire poika swichi ya nyali ya padenga pa OFF ndi kuchotsa babu la m'buti. Kuzula fyuzi ya nyali zam'kati si nzeru, chifukwa pa magalimoto ambiri fyuzi yomweyo imadyetsanso wotchi, wailesi kapena rimoti. Kudula waya wa chenjezo kapena kumata tepi pa kanyali nakonso kumachititsa kuti tsiku limene chitseko chidzakhale chosatsekeka zenizeni musadziwe, ndipo mukadula wayayo, alamu ikhoza kusalira wina akadzatsegula buti. Pa masiku amene mukudikirawo, kokani chitseko ndi dzanja nthawi iliyonse musananyamuke, ndipo ngati rimoti ikukana, khomani ndi kiyi n'kuyesa chitseko chilichonse, chifukwa pa magalimoto ena kiyi imakhoma cha dalaivala chokha.